Mphasa ya Mlendo pa Intaneti: Mbiri ya Couchsurfing

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1330, Ibn Battuta, mbadwa ya ku Tangier, adalowa mumzinda wa Denizli m'dziko limene lero timalitcha Turkey. Iye ndi anzake akudutsa pamsika, amuna ena adatuluka m'masitolo mwawo n'kugwira zingwe za akavalo a alendowo. Posakhalitsa padafika gulu lina n'kuyamba kulimbirana zingwe zomwezo, ndipo mkangano udakula mpaka ena adasolola mipeni. Ibn Battuta sankamva chilankhulo cha m'dzikomo, choncho adayesa kuti wagwa m'manja mwa achifwamba. Mwamwayi padapezeka munthu wina amene adapitako ku Haji ndipo ankadziwa Chiarabu. Iyeyo adafotokoza kuti anthuwo sadali akuba. Adali magulu awiri a anyamata amisiri otchedwa Akhi, ndipo gulu lililonse linkafuna kuti alendowo akagone kwawo. Mlandu udatha pochita maere.

Magulu a Akhi adali m'mizinda yambiri ya chigawo cha Anatolia. Adali anyamata a ntchito zamanja amene ankasankha mtsogoleri n'kukhala ndi nyumba yawo yosonkhaniramo. Masana ankagwira ntchito, madzulo n'kubweretsa zimene apeza kwa mtsogoleriyo kuti agule chakudya. Mumzinda mukafika mlendo, ankamutengera kunyumbako, kumudyetsa ndi kumusunga mpaka tsiku lonyamuka. Ibn Battuta adachoka kwawo m'chaka cha 1325 ali ndi zaka 21, ndipo adayenda zaka pafupifupi 30. Zambiri zimene adasimba m'buku la ulendo wake, lodziwika kuti Rihla, zokhudza kadyedwe, kavalidwe, maukwati ndi maliro a mitundu ya anthu, adaziona chifukwa ankagona m'nyumba za eni dziko ndi kudya m'mbale zawo.

M'nkhaniyi muli funso limene silidakalambe. Wofuna kudziwa chikhalidwe cha anthu akutali ayenera kulowa m'nyumba mwawo, pakuti za pamsewu aliyense amaziona, koma mwambo weniweni umaonekera pamene banja lakhala pansi kuti lidye. Nanga mlendo alipeza bwanji khomo lotseguka m'dziko limene sadziwamo munthu? Nanga mwini khomo adziwa bwanji kuti amene akuodirayo si mbala? Masiku ano achinyamata ambiri odziwa makompyuta amalota zomanga pulogalamu ya pafoni yolumikiza anthu a zikhalidwe zosiyana kuti aphunzitsane. Malotowa adayesedwa kale, ndipo imodzi mwa ntchito zimene zidafika nawo patali ndi Couchsurfing. Mbiri yake ikusonyeza kuti kulemba pulogalamu ndi mbali yopepuka ya ntchitoyi. Mbali yolemera ndi kusunga kukhulupirirana kwa anthu amene amatsegula makomo awo kwaulere, ndi kugwirizana msanga kuti chinthu chimene amanga pamodzicho mwini wake ndani.

Kalata yodziwitsa mlendo

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anthu ambiri ku Ulaya ankadzifunsa chimene chidachititsa mitundu yoyandikana kuphana chomwecho. Ena adaona kuti udani umamera posadziwana. Mmodzi wa iwo adali Bob Luitweiler wa ku America, amene adakhalapo m'ndende chifukwa chokana kulowa usilikali. Mu 1949, iye ndi anzake amene adakumana nawo pasukulu ina ya anthu akuluakulu ku Askov, m'dziko la Denmark, adayambitsa bungwe limene pambuyo pake lidatchedwa Servas. Dzinali ndi la m'chilankhulo cha Esperanto, ndipo limanena za kutumikira.

Kayendetsedwe kake kadali kotere. Munthu wofuna kuyenda ankayamba waonekera kwa membala wakale, amene ankacheza naye kuti aone ngati ali woyenera kulowa m'nyumba za anthu. Membalayo akakhutira, ankavomereza kalata yomudziwitsa, yokhala ndi chithunzi chake ndi mawu ofotokoza kuti iye ndani ndiponso akuyenderanji. Kenako ankamupatsa mndandanda wa mabanja olandira alendo m'dziko limene akupita. Mlendo ankalemba kalata kapena kuimba lamya pasadakhale. Mwambo udali wakuti agone masiku awiri, asalipire kanthu, ndipo nthawi yake athere pocheza ndi eni nyumba. Masiku awiriwo adali ndi nzeru yake, pakuti ngakhale kwathu kuno akuluakulu adati mlendo sathyola mphasa.

Servas ilipo mpaka lero, koma idakula pang'onopang'ono. Membala aliyense watsopano ankafunika munthu wamoyo woti akhale naye pansi, ndipo mindandanda inkasindikizidwa papepala n'kuyenda pa positi. Intaneti itayamba kufika m'nyumba za anthu m'zaka za m'ma 1990, mndandanda wa papepala udasamukira pakompyuta. Oyenda maulendo ataliatali panjinga adali ndi wawo, wotchedwa Warm Showers, kuyambira 1993. M'chaka cha 2000, mnyamata wa ku Germany, Veit Kühne, adatsegula tsamba la Hospitality Club, limene aliyense ankatha kulembetsapo ali kwawo. Khomo lidakula, koma munthu uja wocheza ndi mlendo asananyamuke adasowa, ndipo padafunika china cholowa m'malo mwake.

Makalata 1,500 opita ku Iceland

Mu 1999, Casey Fenton, mnyamata wa zaka 21 wa ku New Hampshire ku America, wodziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta, adapeza tikiti ya ndege yotsika mtengo yochokera ku Boston kupita ku Iceland. Kogona adalibe, ndipo sankafuna kukabindikira yekha m'hotela. Adalowa mozemba m'kaundula wa ophunzira a pa University of Iceland, n'kutumiza imelo kwa ophunzira pafupifupi 1,500 kuwapempha malo ogona. Oposa 50 adamuyankha kuti abwere. Masiku amene adakhala ku Reykjavik adauona mzindawo ndi maso a eni ake, ndipo pobwerera kwawo adatsimikiza mtima kuti amanga tsamba loti aliyense azitha kuyenda motero.

Ntchitoyi idamutengera zaka. Mu 2003 adalembetsa Couchsurfing m'boma la New Hampshire ngati bungwe losafuna phindu, ndipo mu 2004 tsambalo lidatsegulidwa kwa anthu onse. Anzake oyambitsa nawo adali Dan Hoffer, Sebastien Le Tuan ndi Leonardo Bassani da Silveira. Dzinali m'Chingerezi limanena za kuyenda ukugona pa sofa za anthu, lero apa mawa apo. Chaka chomwecho cha 2004 ndi chimene Facebook idabadwa, koma masamba awiriwa adali ndi zolinga zosiyana. Facebook inkatengera pa intaneti anthu odziwana kale. Couchsurfing inkatenga anthu osadziwana n'kuwachotsa pakompyuta kuti akakumane maso ndi maso.

Lamulo lalikulu lidali lija la Servas: malo ogona salipiritsa. Mlendo ankatha kubwera ndi kamphatso, kuphika chakudya cha kwawo kapena kutsuka mbale, koma ndalama sizinkayenera kudutsa pakati pa iye ndi mwini nyumba. Sikunali kokakamiza kuti amene wakusunga lero udzamusungenso mawa. Munthu wa ku Istanbul ankasunga mlendo wa ku Lima, wa ku Limayo n'kudzasunga wa ku Osaka, aliyense podziwa kuti kupatsa n'kuika. Amene analibe malo ogoneka munthu ankalemba kuti angathe kumwa naye tiyi ndi kumuonetsa mzinda. M'mizinda ikuluikulu mamembala ankakumana sabata ndi sabata, ena kuphunzitsana zilankhulo, ena kuphikirana zakudya za kwawo.

Kumudziwa munthu usanamuone

Popeza panalibe membala wakale woti acheze ndi wolowa kumene, omanga tsambali adaika njira zingapo zoti anthu aziyezerana. Yoyamba idali mbiri ya munthu mwini. Aliyense ankalemba za iye mwatsatanetsatane: zilankhulo zimene amalankhula, mayiko amene adafikako, zimene amakonda, zimene angaphunzitse mnzake, ndi malamulo a pakhomo pake, monga ngati amalola fodya kapena nthawi imene amatseka chitseko. Wopempha malo ankayembekezeka kuwerenga zonsezi n'kulemba kalata yosonyeza kuti wawerengadi. Kalata yongotumiza kwa anthu makumi asanu mawu ake omwewo inkaonedwa ngati chipongwe.

Yachiwiri, imene idali msana wa ntchito yonse, idali umboni. Mlendo akachoka, iye ndi mwini nyumba ankalemberana mawu oonekera kwa aliyense, onena ngati kukhalira limodzi kudali kwabwino, kwapakatikati kapena koipa. Munthu amene wasunga alendo makumi atatu ankakhala ndi maumboni makumi atatu, ndipo dzina lake linkalemera nawo. Yachitatu idali kuikirana kumbuyo: membala amene anthu atatu odalirika adamuvomereza ankaloledwa nayenso kuvomereza ena amene adawaona ndi maso. Yachinayi idali kutsimikiza adiresi. Munthu ankapereka kandalama, bungwe n'kumutumizira khadi pa positi lokhala ndi nambala yachinsinsi, ndipo akailemba patsambalo zinkadziwika kuti amakhaladi kumene akunena. Ndalama zimenezi, pamodzi ndi zopereka zaufulu, ndi zimene zinkayendetsa bungwelo.

Tikayang'anitsitsa, palibe chachilendo m'njira zimenezi. Ndi kalata yodziwitsa mlendo ija, ndi mboni zija zimene mudzi uliwonse umafuna usanapatse munthu malo. Chimene kompyuta idaonjeza ndi liwiro ndi kuchuluka: umboni wolembedwa ku Cairo m'mawa unkawerengedwa ku Montreal masana.

Nkhokwe itagwa

Mu June 2006 nkhokwe ya kompyuta imene inkasunga mbiri za mamembala, maumboni ndi makalata awo idawonongeka, ndipo zidapezeka kuti makope osungira pambali sadasamalidwe bwino. Zambiri zidatayika. Fenton adalemba kalata yolengeza kuti Couchsurfing yatha. Koma nthawi yomweyo ku Montreal, m'dziko la Canada, kudali gulu la mamembala odzipereka amene adasonkhana m'nyumba imodzi kuti athandize kukonza tsambalo. Iwo adakana kuti ntchito ife. Mamembala ena ochokera kumayiko osiyanasiyana adatumiza ndalama ndi mawu olimbikitsa, ndipo mu July tsambalo lidatsegulidwanso.

Kuyambira pamenepo mpaka 2011, mbali yaikulu ya ntchito inkagwiridwa ndi odzipereka otere. Ankasonkhana kwa miyezi ingapo m'nyumba imodzi, ku New Zealand, ku Thailand, ku Alaska, ku Costa Rica ndi kwina, akulemba pulogalamu posinthana ndi chakudya ndi pogona. Ena, ali kwawo, ankamasulira tsambalo m'zilankhulo zawo, kulandira mamembala atsopano, kukonza misonkhano ndi kuweruza madandaulo. Mu 2009 chiwerengero cha mamembala chidafika pa 1 miliyoni. Ngozi ya 2006 idasiya phunziro m'mitima ya anthuwa: makina atafa, ntchito idauka chifukwa cha iwo. Kuchokera pamenepo ankaiona Couchsurfing ngati munda wawo, umene adaulima ndi manja awo.

Ndalama zilowa pakhomo

Ku America, bungwe likhoza kulembetsedwa m'boma laling'ono ngati losafuna phindu, koma kuti lizindikirike ngati bungwe lachifundo losakhoma msonkho liyenera kuvomerezedwa ndi nthambi ya misonkho ya dziko lonse, yotchedwa IRS. Couchsurfing idapempha chilolezochi n'kudikira zaka, ndipo pamapeto pake idakanidwa. Atsogoleri ake adati njira imene yatsala ndi kusandutsa bungwelo kampani. Mu August 2011 adalengeza kuti Couchsurfing tsopano ndi kampani yochita malonda, ndipo yalandira madola 7.6 miliyoni kuchokera kwa oika ndalama m'mabizinesi, Benchmark Capital ndi Omidyar Network. Patatha chaka, mu August 2012, idalandira madola ena 15 miliyoni, motsogozedwa ndi General Catalyst.

Oika ndalamawo sadabwere mwangozi. Mu 2008 ku San Francisco kudabadwa Airbnb, imene idatenga ganizo lomwelo logona m'nyumba ya munthu wosamudziwa n'kuikapo mtengo, ndipo inkakula mofulumira kwambiri. Eni chuma adaona kuti kukhulupirirana kwa anthu osadziwana ndi katundu woti n'kupindula naye, ndipo Couchsurfing idali nako kochuluka.

Mamembala ambiri akale adakwiya, ndipo masauzande adalowa m'gulu lotsutsa patsamba lomwelo. Dandaulo lawo lidali lomveka. Adapereka ndalama zawo, adalemba pulogalamu, adamasulira, adasunga alendo kwaulere zaka zambiri, pokhulupirira kuti akumanga chinthu cha onse. Tsopano chinthucho chidali ndi eni masheya, ndipo iwo sadafunsidwe. Mu September 2012 kampaniyo idasintha malamulo ake n'kudzipatsa ufulu waukulu wogwiritsa ntchito zithunzi ndi zolemba za mamembala. Peter Schaar, amene panthawiyo adali mkulu woteteza zinsinsi za anthu m'boma la Germany, adadzudzula malamulowo poyera n'kukadandaula ku nthambi ya boma la America yoona za malonda, Federal Trade Commission.

Vuto lina lidali la masamu. Woika ndalama amafuna kuti zibwerere zitabereka, koma Couchsurfing inalibe choti igulitse, popeza lamulo lake lalikulu lidali loletsa kulipiritsa. Chimene idatha kuchita ndi kuchulukitsa anthu. Kulembetsa kudapepuka, mafunso aja a mbiri ya munthu adachepa mphamvu, ndipo mabwalo a zokambirana amene mamembala a mzinda uliwonse adawazolowera adasinthidwa mosawakomera. Anthu adalowa mamiliyoni, ambiri a iwo atangomva kuti kuli malo ogona aulere. Eni nyumba m'mizinda ngati Paris ndi Barcelona adayamba kulandira mulu wa makalata ofanana, ochokera kwa anthu amene sadawerenge ngakhale dzina lawo. Mu October 2013 mkulu wa kampaniyo, Tony Espinoza, adatula pansi udindo, ndipo antchito ambiri adachotsedwa. Pambuyo pake kampaniyo inkanena kuti ili ndi mamembala oposa 12 miliyoni m'mizinda 200,000, koma kulembetsa dzina ndi kuyala mphasa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Walira mvula walira matope

Mbiriyi siyingakhale yoona ikabisa zoipa zimene zidachitikira alendo ena. Mu 2009 khoti la ku Leeds, ku England, lidagamula kuti mwamuna wina akakhale kundende zaka 10 chifukwa chogwirira mayi wa ku Hong Kong amene adamulandira kudzera pa Couchsurfing. Mu 2015 khoti la ku Padua, ku Italy, lidapeza wapolisi wina wolakwa pamlandu wopatsa mankhwala ogonetsa mtsikana wa ku Australia amene adafikira kwake, n'kumugwirira. Atsikana ena a mayiko osiyanasiyana adatulukira poyera kunena kuti munthu yemweyo adawachita zofanana. Milandu yotere ndi yochepa poyerekeza ndi maulendo ochuluka amene adatha mwamtendere, koma idaulula pamene njira ya umboni idali yofooka.

Kufooka kwake kudali kwa umunthu. Munthu amene wadya chakudya chako, wagona pamphasa yako, zimamuvuta kulemba poyera kuti udamuchitira zosayenera. Amaopanso kuti iwe umubwezera umboni woipa umene udzamutsekera makomo ena. Chifukwa cha ichi maumboni oipa adali osowa kwambiri, ndipo munthu woipa ankatha kuoneka woyera kwa nthawi yaitali. Amene adalipira kwambiri chifukwa cha kusalankhulaku adali amayi oyenda okha.

Padalinso chinthu china chobisika, chimene akatswiri a za chikhalidwe cha anthu a ku Stanford University, Paolo Parigi ndi Bogdan State, adachipeza atasanthula maubwenzi a mamembala a Couchsurfing. M'kafukufuku wawo wa 2014 adaona kuti m'zaka zoyambirira, pamene za munthu zinkadziwika pang'ono, amene ankakumana ankasanduka mabwenzi apamtima. Maumboni atachuluka, kukumana kudapepuka koma maubwenzi adayamba kukhala osazama. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ukalandira munthu usakumudziwa, umayenera kumufunsa, kumumvetsera ndi kumuphunzira, ndipo ubale umamera m'ntchito imeneyo. Ukamulandira utawerenga kale maumboni ake makumi anayi, palibe chotsala choti ufunse. Chida chimene chidachepetsa mantha chidachepetsanso chidwi, chimene chidali cholinga cha ulendo wonse.

Chitseko cha msonkho

Mu 2020 mliri wa Covid-19 udaimitsa maulendo padziko lonse, ndipo ndalama za kampaniyo zidauma. Pa 14 May chaka chimenecho, mamembala a m'mayiko ambiri atatsegula pulogalamuyo adapeza uthenga wakuti ayenera kulipira madola 2.39 pamwezi kapena 14.29 pachaka. Asanalipire sankatha kuona makalata awo, anzawo, ngakhale maumboni amene adasonkhanitsa zaka khumi. Panalibe chenjezo. Ndalamayo siidali yaikulu kwa ambiri a iwo. Chimene chidawawa ndi chakuti munthu amene adasunga alendo mazana kwaulere ankauzidwa kuti alipire kuti aone dzina lake lomwe.

Ambiri adasamuka. Kudali kale kopita. BeWelcome idayambitsidwa mu 2007 ndi odzipereka amene adachoka ku Hospitality Club atasemphana ndi mwini wake pankhani ya kayendetsedwe, ndipo idalembetsedwa ku France ngati bungwe limene mamembala ogwira ntchito amasankha atsogoleri. Trustroots idayamba mu 2014 pakati pa oyenda mopempha matola. Mu 2020 momwemo mudabadwa Couchers.org, imene idalonjeza kuti sidzakhala ya malonda ndipo idaika poyera malemba a pulogalamu yake kuti aliyense athe kuwaona ndi kuwakopera.  Koma onsewa ndi aang'ono poyerekeza ndi Couchsurfing ya masiku ake, ndipo wosamuka sadathe kunyamula maumboni ake. Adakayamba ngati mlendo wosadziwika.

Kwa amene akufuna kumanga

Wachinyamata amene lero akuganiza zomanga pulogalamu yolumikiza zikhalidwe angatolepo zingapo m'mbiriyi. Choyamba ndi chakuti funso la umwini liyankhidwe tsiku loyamba, lilembedwe, ndipo aliyense wolowa alidziwe. Couchsurfing idalakwa polola anthu kugwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri akuyesa kuti munda ndi wa mudzi, pamene pamapepala ukanatha kusanduka wa anthu ochepa. Pamodzi ndi funsoli pali la ndalama. Makompyuta osunga uthenga amalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo oweruza madandaulo amafunika malipiro. Womanga amene sanena poyera kumene ndalamazo zidzachokere amangokankhira mkangano kutsogolo.

Chachiwiri ndi chakuti kuchuluka kwa mayina si kukula. Servas idasankha kuyenda pang'onopang'ono, ndipo yadutsa zaka 75. Couchsurfing idasankha liwiro, ndipo mwambo wake udasungunuka chifukwa olowa kumene adachuluka kuposa akale amene akadawaphunzitsa. Chikhalidwe cha pulogalamu chili ngati cha mudzi: chimapatsirana kuchokera kwa munthu kupita kwa munthu, ndipo chili ndi liwiro lake limene silikakamizika.

Chachitatu ndi chitetezo cha wofooka. Pakhale njira yodandaulira mwachinsinsi, yofika kwa munthu wamoyo amene angachitepo kanthu, ndipo wodandaula asaope kubwezeredwa. Amayi azitha kusankha kufikira kwa amayi anzawo kapena m'mabanja. Mwini nyumba naye azitha kunena malamulo a pakhomo pake mosachita manyazi, za chakudya, zakumwa, kavalidwe ndi malo ogona amuna ndi akazi, chifukwa mlendo amene wabwera kudzaphunzira chikhalidwe amayambira pomwepo.

Chachinayi n'chimene mbiri ya Couchsurfing siidachiyankhe, ndipo chimatikhudza ife a m'mbali mwa nyanja. Mamembala ake ambiri adali a ku Ulaya ndi ku America, anthu okhala ndi mapasipoti otsegula zipata ndi ndalama za tikiti. Timawaona alendo otere ndi zikwama zawo kumsana ku Cape Maclear, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay, ena akukwera Ilala. Msodzi wa ku Chembe akhoza kumusunga mlendo wa ku Berlin, kumudyetsa nsima ya chambo ndi kumuphunzitsa kupalasa bwato. Koma kuti iye akagone pa sofa ya mnzakeyo ku Berlin pafunika viza, umboni wa ndalama za kubanki ndi tikiti ya mtengo woposa zimene amapeza pachaka. Kusinthana kumene kumayenda mbali imodzi kumasandutsa wina wophunzira, wina chionetsero. Womanga wa kuno ayenera kufunsa kuti wosungayo apindula chiyani chimene iye mwini akuchifuna, kaya ndi chilankhulo, luso kapena ubale wokhalitsa.

Ndiponso si woyenda aliyense amene amayendera kuona dziko. Mnyamata wa ku Mangochi amene watsika basi ku Johannesburg usiku amafuna mphasa kuposa mlendo aliyense wa ku Ulaya, ndipo amaipeza kudzera mwa mbale, mnzake wa kumudzi kapena nambala ya foni imene wina adamupatsa pa WhatsApp. Kumeneko amakaphunzira Chizulu, zakudya zatsopano ndi makhalidwe a anthu a mitundu yambiri, ndipo pobwera amabwera nazo. Njira imeneyi ilibe dzina la kampani, koma imagwira ntchito pa mfundo zomwe zija za Servas: wina amene amakudziwa amakuikira umboni kwa wina amene sakudziwa. Amene angamange pulogalamu yothandiza anthu a kwathu achita bwino kuyamba waphunzira njira imeneyi, kumene imalimba ndi kumene imasiya anthu pamavuto.

Akuluakulu adati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wochokera kutali amadziwa zimene eni mudzi sadziwa. Anyamata a ku Denizli ankalimbirana Ibn Battuta mpaka kusolola mipeni chifukwa kusunga mlendo udali ulemu wa gulu lawo. Nyumba idali yawo, chakudya chidagulidwa ndi thukuta lawo, ndipo panalibe munthu wapatali amene akadadzuka tsiku lina n'kuwauza kuti alipire asanalowe m'nyumba imene adamanga okha. Couchsurfing idasonyeza kuti mtima umenewo ulipobe mwa anthu mamiliyoni, ndipo kompyuta ingathe kuwathandiza kupezana. Idasonyezanso kuti anthu otere akaona kuti kuwolowa manja kwawo kwasanduka katundu wa wina, amapinda mphasa zawo mwakachetechete, ndipo kuwabweza n'kovuta kuposa kulemba pulogalamu yatsopano.